Mphete Imene Inatuwa pa Msomali

Mumsewu wonse wa mashopu uja, kuyambira kwa wokonza mawotchi mpaka kwa wogulitsa matayala, ndi anthu owerengeka okha amene ankadziwa dzina lenileni la bambo osula mphete. Ena onse ankangoti a Tsekani. Dzinali anadzipatsa okha ndi pakamwa pawo, chifukwa munthu ukangoponda m'shopu mwawo, moni usanalandire, unkayamba walandira lamulo: "Tsekani chitseko!" Kaya ndiwe wapolisi, kaya mphunzitsi wamkulu, kaya mkwati wodzayesa mphete mtima uli m'mwamba, lamulo linali lomwelo. Ukatseka, ndiye ankakweza magalasi awo pamphumi n'kukumwetulira ngati m'bale wawo amene anasowa kalekale.

Sikuti anali amwano. Ankaopa mphepo. Munthu wosula golide amakhalira kupala ndi tupa, kucheka ndi kukwecha, ndipo chilichonse chimene wachita chimasiya fumbi. Fumbi limenelo ndi golide yemweyo, kungoti wachepa thupi. Mmisiri amene anawaphunzitsa ntchitoyi ankawakoka khutu akangoyetsemulira pafupi ndi tebulo, ndipo phunzirolo linalowa mpaka m'mafupa. Tsiku limene a Tsekani analowa m'kachipinda kawokawo, zaka makumi atatu ndi zinayi zapitazo, ntchito yoyamba imene anagwira inali yokhomerera zenera lakumbuyo ndi misomali, kutseka ming'alu yake ndi nsanza, n'kupaka penti pamwamba pake. Kuwala kunkalowa, mphepo ayi.

Mkatimo chilichonse chinali ndi malo ake. Tebulo lawo linali lodulidwa mozungulira kutsogolo kuti mimba izilowa, ndipo pansi pake anapachika chikopa chogwerapo fumbi. Pakona panali njerwa zinayi zakuda bii, botolo la gasi ndi timbiya tosungunulira. Pafupi ndi chitseko panali ndowa yosambira m'manja, imene madzi ake sankatayidwa mpaka atadikha, matope apansi n'kusungidwa. Zinyalala zosesa nazonso zinkapita m'chitini. Kamodzi pachaka ankatulutsa zonsezi kuseri kwa shopu, kuziwotcha, kuzisefa, kuzisungunula, mpaka m'kambiya munkatsala kambulu ka golide konga nyemba. Tsiku limenelo ntchito inkaima, chifukwa ankayenda nako msewu wonse kukaonetsa anzawo.

"Mwaona? Uyu ndi golide amene inu a mazenera otsegula mukanampatsa mphepo," ankatero.

Anali munthu wokhutira ndi moyo wake, ndipo sankabisa. Nkhope za makasitomala ankaziiwala, koma zala ayi. Mayi wina akabwera patapita zaka khumi, iwo ankangoyang'ana dzanja n'kunena kuti, "Chala ichi ndinachiyezapo ine, koma nthawi imeneyo chinali chisanayambe kudya bwino chonchi." Mayiyo ankaseka, ulendo wina n'kubwera ndi mng'ono wake.

Pa ana awo anayi, atatu ntchitoyi anaiona ngati chilango. Woyamba anati m'shopu mumatentha, wachiwiri anati tinthu ting'onoting'ono timamupweteka maso, wachitatu anangosiya kubwera. A Tsekani anali atataya kale mtima pamene mwana wawo wotsiriza, wamkazi, amene banja lonse linkangomutchula kuti Mzime, anatulukira tsiku lina m'mawa, kutseka chitseko asanauzidwe, n'kupempha tupa.

Anamukhomera tebulo lake pafupi ndi lawo, ndi kampando kake. Mtsikanayo anali ndi manja ofatsa. Kamwala kakang'ono ngati njere ya mpiru ankakakhazika pandolo kamodzi kokha, osabwereza. Izi zinafika pa nthawi yake, chifukwa manja a bambo ake anali atayamba kunjenjemera pang'ono, makamaka m'mawa. Iwo ankati vuto ndi tiyi wa masamba ambiri amene akazi awo ankawakonzera. Tintchito tonse tofuna dzanja lokhazikika anatikankhira kwa mwana mwakachetechete, iwo n'kutsala ndi nyundo ndi moto.

Zaka zitatu zimene anakhala moyandikana choncho zinali zokoma kuposa zonse. Sankalankhula zambiri. Wailesi inkang'ung'udza pashelefu, matupa awiri ankalira, lina mofulumira lina mwaulesi, ndipo masana ankagawana buledi ndi tiyi panyuzipepala, imene pambuyo pake inkalowanso m'chitini cha zinyalala poopa kuti mwina yatola kafumbi. Mzime atakwatiwa ndi dalaivala wa basi, bambo ake anakhala sabata yathunthu chakudya chisakupita, kuopa kuti shopu aisiya. Lolemba lotsatira anamupeza ataima pakhomo, akuwadikira kuti atsegule. Tsiku lonselo bamboyo anaimba mluzu mpaka wokonza mawotchi anabwera kudzadandaula.

Panali chinthu chimodzi chokha m'shopumo chimene a Tsekani sankafuna kuchiyang'ana. Pakhoma, pamwamba pa njerwa zosungunulirapo zija, panali msomali, ndipo pamsomalipo panali mphete ya ukwati ya akazi awo. Zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo chala cha mayiwo chinakula kuposa mphete, anaivula ndi sopo, n'kuwapatsa amuna awo kuti aikulitse. Inali ntchito ya theka la ola. Iwo anaikoleka pamsomali kuti adzaikonze Loweruka. Loweruka linadutsa, lina linadutsanso, pakuti ntchito ya kasitomala wosakalipa ndi imene imatsala, ndipo tsiku lina atakweza maso anaona kuti mphete ija yasintha mtundu. Chikasu chake chinali chitazilala. Chaka chotsatira inali itatuwa mbuu, ngati ya siliva wakale.

Iwo ankadziwa mbiri yake. Mphete imeneyo anaisula akadali wophunzira, m'thumba muli mbee. Golide amene anali naye sanakwane kuzungulira chala, ndiye anawonjezera siliva ndi mkuwa kupitirira muyeso, n'kuipukuta mpaka inawala ngati ya m'sitolo. Bwenzi lawo linailandira likulira ndi chimwemwe. Tsopano, iwo ankaganiza, bodza lija latopa kubisala, latulukira pamwamba. Kuibweza ili choncho kunali kudziulula. Kusula ina n'kunena kuti ndi yomweyo kunali kunamanso, ndipo ndi imvi zimene anali nazo sakanatha kunamiza mkazi yemweyo kawiri. Choncho mphete inakhalabe pamsomali, ndipo akazi awo akafunsa ankangoti, "Loweruka likubwerali, mayi."

"Loweruka lanulo lidzandipeza ndili m'bokosi," mayiwo ankayankha, uku akuwathirira tiyi.

Pansi pa msomali womwewo ndi pamene ankasungunulira golide yense wobwera m'shopu: ndolo zimene zinzake zinatayika, matcheni oduka, komanso timibulu tonga chinkhupule timene anthu okumba m'mitsinje ankabwera nato titakulungidwa m'timapepala. Timibulu timeneti anayamba kutilandira zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, okumbawo atachuluka. Ankatikonda chifukwa tikasungunuka tinkatulutsa golide wofewa, womvera nyundo.

Lachinayi lina Mzime anafika mochedwa, kuchokera kuchipatala. Anali ndi pathupi pa miyezi inayi, nkhani imene inkawachititsa bambo ake kumwetulira okha pakati pa ntchito. Tsiku limenelo sanapite pakampando kake. Anaima pakhomo, chitseko chili chotsegula.

"Tsekani chitseko," anatero bambo ake osacheuka.

"Ababa, ndine. Lero sinditseka, ndipo sindilowa."

Anacheuka. Mzime anafotokoza ali chiimire. Namwino anali atamufunsa ntchito imene amagwira, ndipo atamva za golide anaika cholembera pansi n'kufunsa kuti golideyo amachokera kuti. Kenako anamuuza kuti okumba m'mitsinje amagwira golide ndi mekyule, madzi olemera onga siliva aja a m'timagalasi toyezera kutentha kwa thupi. Amawotcha kuti mekyuleyo achoke, koma sachoka yense. Wotsalayo amatuluka pamene wosula akusungunula kambulu kaja, amalowa m'mapapo, amakafika ku ubongo, ndipo amene amavulala msanga ndi mwana amene ali m'mimba.

A Tsekani anaseka, kuseka kwa munthu amene akuuzidwa za m'nyumba mwake ndi wodutsa m'njira.

"Namwinoyo wasungunulapo golide kangati? Mwanawe, golide alibe utsi. Nkhuni zili ndi utsi, matayala ali ndi utsi, golide ayi. N'chifukwa chake ali golide."

Sikuti ankalankhula zaumbuli. Utsi woipa ankaudziwa ndipo ankaupatsa ulemu wake. Akamayenga golide ndi asidi kuti mkuwa ndi siliva zichoke, m'botolo munkafuka chiutsi chofiirira chokanda kukhosi. Chiutsi chimenecho kale chinachititsa dzimbiri masingano ndi masizasi a mayi telala a shopu yoyandikana nayo, mpaka mayiwo anabwera kudzawayalira zida zawo patebulo kuti aone okha. Kuyambira pamenepo za asidi zonse ankachitira panja, kuseri, ataima kumene mphepo ikuchokera, ndipo Mzime sankamulola n'kuyandikira komwe. Kwa iwo nkhani inali yosavuta: chimene chikuoneka ndi kununkha uchithawe, chimene sichikuoneka kulibe.

Pofuna kuti nkhani ithe, anatenga kachidutswa ka golide woyengeka, anakaika m'kambiya katsopano, n'kuyatsa moto. Golideyo anafiira, anafewa, kenako anasanduka kadontho kowala, kogwedera.

"Utsi uli kuti? Bwera udzanunkhize."

"Uyo ndi woyera, ababa, ndipo mukunena zoona, alibe mlandu. Ine ndikunena wa okumba uja. Utsi wake suoneka, sununkhanso. Vuto lili pamenepo."

"Utsi wosaoneka, wosanunkha. Ndiye tidziwa bwanji kuti ulipo? Tiziulota?"

"Nanga manja anuwo akunjenjemera chifukwa chiyani?"

Funso limenelo linawalasa. Anazimitsa gasi, manja n'kuwabisa pansi pa chikopa.

"Ndine bambo ako, sindine wodwala wako," anatero. "Zaka makumi atatu ndi zinayi ndili m'chipinda chino. Ndakulera iwe ndikupuma mpweya womwewu. Lero ukufuna ndithyole zenera, fumbi langa lizikadyetsa mpheta?"

"Ndikufuna ndizigwira ntchito pafupi nanu, mwana wanga ali bwino. Zenera litseguke, timibuluto tisiye kulowa muno, chipinda chikonzedwe. Apo ayi, ine ndikhala kunyumba."

Mzime anatseka chitseko bwinobwino, monga momwe anamuphunzitsira, koma ali kunja.

Masabata awiri kampando kaja kanakhala kopanda munthu. A Tsekani ankakapukuta m'mawa uliwonse, fumbi lake n'kuliika m'chitini, uku akudziuza kuti ana a masiku ano amamvera aliyense wovala zoyera kuposa makolo awo. Koma wailesi inayamba kumveka ngati phokoso chabe, buledi wa masana ankatsala theka, ndipo kasitomala wina atabweretsa ndolo yofuna kukhazikapo kamwala, anavutika nako mpaka thukuta kamukamu, kamwalako kakungothawa, mpaka anauza mwini wake kuti adzabwere mwezi wamawa. Anasungulumwa kwambiri. Okumba awiri atabwera ndi timapepala tawo, anawauza kuti gasi watha, pamene botolo linali lodzaza. Sikuti anali atavomera kuti mwana wawo akunena zoona. Anangoona kuti dzanja silikufuna kupita ku machesi.

Kunyumba akazi awo sanalowerere. Anangonena kamodzi, akupita kukatsuka mbale, kuti, "Inu mumasunga ndi fumbi la kunsi kwa nsapato lomwe, koma mwana mukumusiya kuti apite ndi mphepo." Iwo ananamizira kuti sanamve.

Lachisanu la sabata yachiwiri Mzime anabweranso, kudzatenga magalasi ake okulitsira zinthu ndi timapulayasi take, kuti azikachitira kunyumba tintchito tosafuna moto. Anaima pakhomo n'kupempha bambo ake kuti amupatsire. Iwo anayamba kusonkhanitsa zidazo mwaulesi, chimodzichimodzi, kuti mwana achedwepo pang'ono. Ndi pamene maso a mtsikanayo anagwera pamsomali uja.

"Ababa, mundipatsenso mphete ya amayi. Inu yakukanikani, ndikaona chochita nayo."

"Isiye imeneyo."

"Bwanji? Amayi akudandaula kuti anthu ayamba kuwayesa mbeta."

"Ndati isiye!"

Mawuwo anatuluka mwamphamvu kuposa mmene ankafunira. Mzime anawayang'ana, ndipo iwo anaona kuti akapanda kunena kanthu, mwanayu apita ndi zida zake osadzabweranso. Anakoka mpando, anakwerapo, anachotsa mphete pamsomali, n'kutuluka nayo pakhonde. Pamenepo, magalimoto akudutsa, makina a mayi telala akulira kuseri kwa khoma, anaulula zimene anasunga m'mimba kwa zaka pafupifupi makumi anayi.

"Ndinawanamiza amayi ako," anamaliza motero, maso ali pansi. "Siliva uja ndi uyu watulukayu."

Mzime anailandira mpheteyo pakapepala, anavala magalasi ake, n'kumaitembenuza padzuwa, uku ndi uku.

"Ababa, inu ndi amene munandiphunzitsa. Siliva akasungunukira limodzi ndi golide, amatulukanso yekha?"

"Ayi. Koma zaka zachuluka."

"Amayi anaivala zaka makumi atatu, kuchapa nayo, kutsuka nayo mbale, ili yachikasu. Yadzatuwira pamsomali. Ndipo taonani apa."

Anawalozera kamalo kakang'ono mkati mwa mphete, pamene inkagona pamsomali. Kamalo kameneko kanali kachikasu ngati kale. Kenako anasolola tupa m'thumba la zida lija n'kupala kamodzi kokha pamsana pa mpheteyo. Pansi pa kutuwa kuja panatuluka chikasu chowala.

"Kutuwaku n'kwapamwamba chabe. Kwachokera kunja, si mkati."

A Tsekani anatenga magalasiwo n'kuyang'ana okha. Wosula aliyense amadziwa chimene mekyule amachita akakhudza golide: amamutuwitsa. Iwo omwe anali atakonzapo mphete za anamwino zimene zinatuwa kagalasi koyezera kutentha katawaswekera m'manja. Koma mphete iyi palibe chimene chinaitayikira. Inangokhala pakhoma, mikono iwiri pamwamba pa kambiya, m'chipinda chotseka, mumpweya womwewo umene iwo ankapuma. Zaka zisanu ndi chimodzi umboni unali pamwamba pa mutu wawo, ndipo manyazi ndi amene anawaletsa kuuyang'anitsitsa.

Choyamba kubwera chinali chimwemwe, chaching'ono, choti golide wawo wa paumphawi uja sanawayalutse. Chisanakhazikike n'komwe, mantha anachikankha. Anayang'ana mphete, anayang'ana mimba ya mwana wawo imene inali itayamba kuoneka pansi pa diresi, n'kukumbukira kuti kampando kake kanali mapazi atatu okha kuchokera panjerwa zija.

"Mwana wanga, pita kunyumba," anatero chapansipansi. "Ndi pakhomo pano pomwe usaime. Pita."

Masana omwewo msewu wonse unamva kugogoda. Wokonza mawotchi anatuluka, wa matayala anatuluka, mayi telala anasiya makina, onse n'kuthamangira kuseri. Anawapeza a Tsekani ali ndi nyundo ndi tchizulo, akuzula misomali ya zenera umodziumodzi, penti wakale akugwa zibanthu. Zenera linakana kaye, monga mwini wake, kenako linatseguka mahinjesi akulira. Mphepo inalowa n'kugwetsa kalendala.

"Kodi a Tsekani, mwadwala?" anafunsa mayi telala.

"Mwina," anayankha. "Mawa ndikafunsa."

Anapitadi kuchipatala, pamodzi ndi Mzime, ndipo onse awiri anayezedwa mkodzo. Zotsatira zitabwera, dokotala anati mekyule wa m'thupi mwa bamboyo ndi wochuluka, koma akasiya kumupuma azichepa pang'onopang'ono, ngakhale za manjazo sanalonjeze kanthu. Wa Mzime anali wochepa, ndipo anati azimuyang'anira mpaka tsiku lake. A Tsekani mtima sunakhale m'malo mpaka mwezi umene mdzukulu anabadwa, wamkazi, wa mawu aakulu, amene anagwira chala cha agogo ake n'kukana kuchisiya. Iwo anayeza kachala kake ndi maso, mwachizolowezi.

Zenera lokha silinali lokwanira. Anthu a zaumoyo amene anabwera kudzaona shopu ndi amene anawauza choncho. Pulasitala wa pakona paja anagumulidwa, siling'i inachotsedwa, njerwa ndi timbiya takale zinatsekeredwa mumgolo kuti zitengedwe. Apa ndi pamene a Tsekani anatsala pang'ono kulira, chifukwa mwaye wa kusiling'iko, mmene ankaonera iwo, unali ndi golide wokwana nyemba ziwiri, ndipo anapempha kuti auwotche kaye kamodzi kokha, komaliza. Mzime anangowayang'ana. Mgolo unapita. Moto unasamukira kuseri, pansi pa chumuni chokhala ndi fani, ndipo okumba akabwera ankauzidwa mwaulemu kuti apite kwa oyenga amene ali ndi makina ogwira utsiwo. Makasitomala akale ndi amene anasokonezeka. Ankalowa, kutseka chitseko mofulumira kuopa kukalipiridwa, n'kumva, "Chisiyeni choncho, mphepo izidutsa." Koma dzina lija silinasinthe.

Mphete anaikonza Loweruka. Anapala khungu lotuwa lonse ali panja, zopalazo n'kuzitsekera m'kabotolo, anaidula, anaikapo kachidutswa ka golide woyengeka, n'kuipukuta mpaka msoko unasowa. Pofika kunyumba anawapeza akazi awo pakhonde akusokerera batani pamalaya. Anakhala pansi n'kuulula za siliva uja kuyambira pachiyambi.

Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto. Analowetsa mphete pachala, n'kutambasula dzanja kuti aione bwino.

"Za silivazo ndinazidziwa tisanakwatirane," anatero. "Mmisiri wanu uja, amene ankakukokani khutu, anandiuza. Anati mnzakoyu golide wamuchepera, koma wakhala masabata atatu akupukuta. Ine ndinakwatiwa ndi masabata atatuwo. Ndiye zaka zonsezi chala changa chakhala chili mbulanda chifukwa cha zimenezo? Bambo inu!"

Anaseka mpaka misozi, ndipo amuna awo, atazengereza pang'ono, anawathandiza kuseka.

Mzime anabwerera kuntchito khanda litakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, likutsala kunyumba ndi agogo ake aakazi. M'mawa umenewo a Tsekani anakapukuta kampando kawiri. Wailesi inang'ung'udza pashelefu, matupa awiri anayambanso kulira, lina mofulumira lina mwaulesi. Chakumasana kunabwera kamphepo kuchokera kuzenera, kanadutsa patebulo la Mzime, n'kunyamula kafumbi ka golide kamene kanali m'mphepete. A Tsekani anakaona bwinobwino kakunyezimira padzuwa, kakulowera kukhomo. Thupi linadzuka lokha pampando, dzanja n'kutambasukira kuzenera. Mzime anasiya kupala, osakweza mutu.

Bamboyo anaima choncho kwa kanthawi. Kenako anagwira kamtengo kamene ankachirikizira zenera, anakakankha kuti litseguke kwambiri, n'kukhalanso pansi.

"Kapite," anatero, akutola tupa. "Pala, mwanawe. Mwini ndolo abwera folo koloko."